Mipingo ndi achinyamata achisilamu mumzinda wa Lichinga

Chaka ndi chaka achinyamata amachoka m'midzi ya ku Muembe, Sanga, Ngauma ndi Majune kupita ku Lichinga, likulu la chigawo cha Niassa ku Mozambique. Ena amatsata sukulu ya sekondale, ena maganyu, kabaza wa njinga yamoto kapena geni ya nyemba pamsika. Ambiri mwa iwo ndi Ayao, ndipo ndi Asilamu, poti mafumu awo monga Mataka ndi Makanjira analandira Chisilamu m'zaka za m'ma 1800 pamene ankachita malonda ndi anthu a kugombe la nyanja yamchere. Amafikira kwa achibale kapena kuchita lendi kachipinda m'madera ngati Lulimile, ndipo kwa ena aka kamakhala koyamba kukhala moyandikana nyumba ndi Mkhristu.

Mipingo imawaona achinyamatawa ngati anthu ofunika kuwapempherera ndi kuwayendera. Mnyamata amene wasiyana ndi amalume ake komanso mwalimu wa ku madrasa, ntchito sinapezeke, kuzizira kwa mu June kwamupeza alibe bulangete, sakana msanga munthu womufunsa ngati wadya. Choncho kulalikira kwa pamtetete sikuphula kanthu kwenikweni poyerekeza ndi kuzonda wodwala, kuthandiza Chipwitikizi cha kusukulu, kapena kucheza m'Chiyao. Akhristu odziwa bwino ntchitoyi saika nkhumba m'mbale ya mlendo, ndipo saitanira mnzawo nsima ya masana m'mwezi wa Ramadani.

Phunziro limeneli ndi lakale. William Percival Johnson wa mishoni ya Anglican ya UMCA anakhazikika kwa Mataka ku Mwembe mu 1880, koma chaka chotsatira anathamangitsidwako. Yohana Abdallah, Myao amene anadzozedwa unsembe wa Anglican mu 1898, anatumikira ku Unangu zaka zambiri. Lero amakumbukiridwa kwambiri ndi buku lake la mbiri ya Ayao la mu 1919, osati ndi kuchuluka kwa amene anawabatiza. Ansembe a Consolata atatsegula mishoni ya Massangulo mu 1928, chimene chinakopa mabanja achisilamu chinali sukulu ndi maphunziro a ntchito zamanja. Mu 1966 episkopi woyamba wa Katolika wa mzinda wa Lichinga, umene panthawiyo unkatchedwa Vila Cabral, Eurico Dias Nogueira, analembera Asilamu a m'dayosizi yake kalata ya ubale, potsatira mzimu wa Msonkhano Wachiwiri wa Vatican. Inali nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu, pamene Apwitikizi nawo ankanyengerera Asilamu, kotero kalatayo inali ndi fungo la ndale. Komabe inasonyeza kuti mpingo ungayankhule ndi Asilamu popanda kuwanyoza.

Malamulo a Mozambique amalola munthu kusankha chipembedzo, koma kumudzi nkhaniyi si ya munthu mmodzi. Kwa Myao, Chisilamu chalukana ndi jando, ukwati, maliro ndi sadaka, moti wobatizidwa amaoneka ngati wataya mbumba yake. N'chifukwa chake achinyamata ambiri amavomera kupemphereredwa akadwala kapena akamafuna ntchito, Lachisanu n'kupitabe kumzikiti. Mashehe nawo sanagone: mizikiti ndi madrasa a mumzinda amalandira obwera kumene, ndipo nthawi zambiri ndi amene amayamba kuwapeza, chifukwa wowalondolera kumeneko amakhala mbale wa kumudzi komweko.