Lamya Yoyenda pa Intaneti: Kodi Ithandiza Amalonda Ang'onoang'ono?

Kale munthu wamalonda akafuna lamya m'sitolo mwake, anayenera kudikira amisiri kuti adzakoke waya kufikira pakhoma pake. Akafuna kuti kalaliki ndi wosunga ndalama akhale ndi lamya yakeyake, anali kugulanso makina olumikizira ndi kulemba munthu woyang'anira makinawo tsiku lonse. Masiku ano ntchito yonseyi itheka ndi lamya yoyenda pa intaneti, imene akatswiri aitcha VoIP.

Mayendedwe ake ndi otere: mawu a wolankhula agawidwa m'tizigawo ting'onoting'ono, tizigawoto titumizidwa pa intaneti, ndipo tikafika kwa womvera tilumikizidwanso. Kampani ya VocalTec ya ku Israel inayamba kugulitsa njirayi mu 1995. Mu 1999 Mark Spencer wa ku America anapanga Asterisk, pulogalamu yaulere yosandutsa kompyuta wamba kukhala makina olumikizira lamya za m'ofesi.

Phindu lake lioneka msanga. Mwini sitolo ku Limbe amene ali ndi nthambi ku Mzuzu akhoza kukhala ndi nambala imodzi yolira konsekonse, ndipo antchito ake akamalankhulana alipira intaneti yokha. Sukulu yaing'ono ingachite chimodzimodzi pakati pa ofesi ya mphunzitsi wamkulu ndi ya kalaliki.

Koma tiwachenjeze awerengi athu pa nkhani ya magetsi, pakuti ogulitsa saikonda kuitchula. Lamya yakale inali kulandira mphamvu yake kudzera m'waya momwemo, nigwirabe ntchito ngakhale m'nyumba muli mdima. Yatsopanoyi magetsi akazima nayonso ikhala chete. Ambiri akumbukira Januwale 2022, pamene namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko nilitaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuzima kwa magetsi kunasautsa amalonda miyezi yambiri. Wogula lamyayi awerengeretu mtengo wa batire kapena sola. Intaneti yofooka nayonso ichedwetsa mawu, mwakuti anthu awiri amalankhula modulana pakamwa, ndipo wogula katundu sachedwa kutopa nazo.

Chinanso n'chakuti nambala yotere ndi yobwereka. Skype, imene inayamba mu 2003, eni ake a Microsoft anaitseka mu Meyi 2025, ndipo onse oidalira anasamukira kwina. Kuno kwathu bungwe la MACRA ndilo lipereka ziphaso kwa makampani a lamya ndi kugawa manambala. Wamalonda asanalembetse nambala pa chikwangwani cha sitolo yake, afunse wogulitsayo ngati ali nacho chiphasocho.