Mandala akale si otaya, koma si obwerekananso

Ndikadali pa ntchito ya unamwino pa chipatala china cha kumudzi, kunabwera gogo wina akudandaula mutu ndi chizungulire. Tinawayeza malungo, osawapeza. BP nayo inali bwinobwino. Nditawayang'anitsitsa, ndinaona kuti avala mandala okhuthala zedi.

"Agogo, mandalawa munawapeza kuti?" ndinawafunsa.

"Ndi a malemu bambo a kunyumba, mwananga. Ndinaona kuti angowonongeka m'sutikesi," anayankha motero.

Atawavula kwa masiku ochepa, mutu uja unaleka. Agogowa sanalakwe poganiza kuti mandala akale si otaya ayi. Chomwe chinalakwika ndi kuwavala asanayezetse maso.

Pali bungwe lomwe limapereka mandala akale kwa anthu ena mwadongosolo lake. Ili ndi la Lions Clubs International, lomwe linayambitsidwa ndi a Melvin Jones mumzinda wa Chicago ku America m'chaka cha 1917. Mu 1925 mayi Helen Keller, omwe anali osaona komanso osamva, anapempha mamembala a bungweli pa msonkhano wawo ku Ohio kuti adzipereke pothandiza anthu osaona. Chiyambire pamenepo, nkhani ya maso inakhala ntchito yawo yaikulu.

M'maiko monga America, Canada ndi Britain, a Lions amaika mabokosi m'mashopu a mandala, m'masukulu ndi m'malaibulale kuti anthu aziponyamo mandala omwe anasiya kuvala. Kenaka anthu ongodzipereka amawatsuka, kuchotsamo osweka ndi okandika, n'kuyeza mphamvu ya galasi lililonse pa makina. Akatero amalemba nambala yake pa kapepala ndi kuwalongeza kuti apite ku maiko komwe anthu ambiri sangakwanitse kugula atsopano. Kumeneko munthu amayamba wayezedwa maso, ndipo pokhapo amamusankhira mandala ogwirizana ndi nambala yake.

Kuno kwathu dzina la Lions timalidziwa chifukwa cha zipatala za maso za Lions SightFirst zomwe zili ku Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Tsono awerengi anga, tiphunzirepo chiyani? Munthu akamafika zaka 40, diso limayamba kulephera kuona zapafupi. Kulowetsa ulusi pa singano kumavuta, nyuzipepala timaigwirira patali. Umenewu ndi ukulu chabe, ndipo mandala owerengera a mphamvu ya +1.00 mpaka +3.00 amathandiza ambiri. Koma si kusaona kulikonse komwe kumafuna mandala. Ng'ala imachoka ndi opaleshoni. Matenda a shuga ndi a glaucoma amawononga diso mwakachetechete, ndipo chomwe glaucoma yawononga sichibwereranso. Mukangotola mandala pa msika kapena kubwereka a anzanu, mumachedwetsa kudziwa chomwe chikukuvutani.

Ana nawo tisawaiwale. Mu 1957 a Lions anayambitsa makalabu a achinyamata otchedwa Leo ku Pennsylvania, kuti anyamata ndi atsikana aziphunzira kutumikira anzawo, ndipo m'maiko ambiri a Lions amayeza maso a ana a sukulu. Ine ndinaonapo ana omwe ankatchedwa mbuli m'kalasi, chonsecho vuto linali loti saona zolembedwa pa bolodi. Mwana akamatsinzinira poyang'ana patali, kuyandikitsa buku kumaso kapena kukopera notsi za mnzake nthawi zonse, musamukalipire. Pitani naye akamuyeze.

Inu amene muli ndi abale kunja, auzeni kuti mandala akale azikaponya m'mabokosi aja. Inu muli kuno, mandala a malemu kapena anu akale pitani nawo ku chipatala cha maso mukafunse ngati angathandize munthu. Ndipo poti mwafika kale kumeneko, musabwerere musanayezetse anuwo.