Bulekidauni ku Luangwa: werengerani ulendo wobwerera

Anthu akamva kuti ndili ndi bulekidauni amathamangira kufunsa za winchi. Ndi ya matani angati? Munaigula kuti? Ingadzutse thiraki? Za dizilo safunsa, chonsecho kuno ku Luangwa amene analowa ntchito yokoka magalimoto n'kuisiya patapita chaka anagwetsedwa ndi dizilo, matayala ndi kutalika kwa msewu. Winchi zawo zikadali zabwinobwino, zangoti phwii kuseri kwa nyumba.

Boma la Luangwa, limene akuluakulu amalitchulabe kuti Feira, lili pomwe mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi. Tsidya la Luangwa kuli Zumbo wa ku Mozambique, tsidya la Zambezi kuli Kanyemba wa ku Zimbabwe. Msewu wa tala wofika kuno ndi umodzi, D145, umene umapatuka pa Great East Road pafupi ndi mlatho wa Luangwa n'kutsata mtsinje makilomita pafupifupi 90. Kuchoka pa mlathopo kukafika ku Lusaka ndi makilomita ena oposa 200. Ndiye galimoto ikafa pa Boma, ndipo vuto lake n'lofuna garaja yokhala ndi kompyuta yoyezera, ulendo wake ndi wa makilomita oposa 300 kupita, enanso oterowo kubwerera, ndipo pobwerera kumbuyo kumakhala kulibe kanthu.

Apa ndi pamene ambiri amadzibera okha. Mwini galimoto amawerenga mtunda umene galimoto yake yanyamulidwa. Inu werengani kuyambira pamene mwaliza injini pakhomo panu mpaka pamene mudzaizimitse pakhomo pomwepo. Canter yanga ikasenza galimoto yaing'ono imayenda makilomita 6 kapena 7 pa lita imodzi, ndipo m'mapiri imamwa kuposa apo. Ulendo wa ku Lusaka kupita ndi kubwera umadya malita pafupifupi 100. Onjezerani ndalama ya pa toll gate ya ku Chongwe kawiri, chakudya ndi malipiro a mnyamata wothandiza, ndi kagawo ka matayala ndi oilo, chifukwa nazo zikutha ngakhale simukuziona. Zikatero m'pamene muikepo phindu lanu. Kuyambira mu 2022 bungwe la ERB lakhala likuunikanso mitengo ya mafuta pafupipafupi, choncho mtengo umene munatchula miyezi itatu yapitayo musautchulenso lero musanayang'ane pa pampu. Ine ndimasunga mtengo m'mutu mwa malita: ntchito yakutiyakuti ndi malita mwakuti. Makwacha ndimawerengera tsiku lomwelo.

Ndalama ya mafuta muzilandira musananyamuke. Masiku ano pali Airtel Money ndi MTN MoMo, palibe chifukwa choyendera makilomita 90 pa lonjezo. Munthu ali m'tchire, dzuwa likulowa, amavomera mtengo uliwonse: "Abwana, bwerani chabe, ndalama si vuto." Galimoto ikangotsika pa garaja, munthu yemweyo amakumbukira kuti ana akufuna fizi. Sindimawaimba mlandu kwambiri, mantha akatha aliyense amayamba kuwerenga. Koma mtengo ndimaulemba pa meseji, iye n'kuyankha kuti wavomera, theka n'kutumiziratu. Ndipo mukakhala ku Lusaka musafulumire kubwerera. Imbani mafoni. Mwina pali mphunzitsi wagula galimoto yosayenda bwino akufuna ifike ku Nyimba, mwina wina ali ndi chigayo kapena injini ya boti yopita ku Feira. Katundu wa pobwerera, ngakhale wa mtengo wotsika, ndiye amasandutsa ulendo wongobweza mafuta kukhala ulendo wa phindu.

Kodi galimoto yanu izigona kuti? Ine ndimati pa mlatho. Pa Boma pali nyumba, pali msika, pali maboti owolotsa anthu, koma magalimoto ndi ochepa. Ntchito ili pa Great East Road, pomwe mathiraki opita ku Chipata, ku Mwami polowera ku Malawi ndi ku Chanida polowera ku Mozambique amadutsa usana ndi usiku. Mlatho uja, umene unamangidwa mu 1968, uli m'chigwa, ndipo mbali zonse ziwiri msewu umatsika mokhotakhota. Kumadzulo kuli mapiri a Manenekela ku Rufunsa, kum'mawa kuli chitunda chopita ku Kacholola. Dalaivala amene sakuudziwa msewuwu amatsika atangoponda buleki m'malo molowetsa giya yaing'ono. Mabuleki amatentha, amasiya kugwira, thiraki n'kukagona m'mbali. Pokwera, mainjini amawira. Mukakhala pa mlatho mbali zonse zitatu zili pafupi nanu.

Koma kukhala pafupi ndi thiraki yogwa sikutanthauza kuti ndi ntchito yanu. Thiraki ya ngolo yosenza matani 30 a feteleza siingadzutsidwe ndi Canter, ngakhale mwini wake akulonjezeni chiyani. Imafuna bulekidauni yaikulu kapena kireni, ndipo zimenezo zimachokera ku Lusaka. Chimene mungachite n'chakuti mukhale woyamba kufika: ikani ma triangle patali ndithu, makamaka kuseri kwa kona kumene wobwera sakuona, jambulani zithunzi, muuze mwini thiraki mmene yagonera ndi mmene nthaka ilili, mumulumikize ndi a makina akuluakulu, ndipo mupangane nawo gawo lanu. Nthawi zambiri katundu amayenera kutsitsidwa kaye thiraki isanadzutsidwe, ndipo ntchito yosamutsa matumba ndi kuwalondera usiku ndi ndalama yabwino. N'chimodzimodzi ndi amayi a nsomba. Canter yodzaza nsomba zaziwisi ikafera pa D145 masana, galimotoyo ingadikire mpaka mawa, koma nsomba ayi. Samutsani katundu poyamba, galimoto muibwerere.

Thanki ya mafuta yokha, imeneyo musaikhudze. Kathetheka kamodzi ka tcheni pa tala kapena ka waya wa batire n'kokwanira. Mu November 2016 ku Caphiridzange m'chigawo cha Tete thanki ya petulo yopita ku Malawi inaphulika anthu akutunga mafuta, ndipo anafa anthu oposa 70. Mukapeza thanki yagwa, imani patali, zimitsani injini, imbirani apolisi, ndipo mawu anu onse athere pothamangitsa anthu obwera ndi zigubu.

Za galimoto yogula, ndimalangiza ya thebulo lopendekeka, yonyamula galimoto yonse mawilo anayi ali m'mwamba. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri amene akuyenda kuno, ma Vitz, ma Corolla, ma Allion ochokera ku Japan, ndi a otomatiki. Mu giyabokosi ya otomatiki pampu ya oilo imayendetsedwa ndi injini. Injini ikazima oilo sazungulira, ndiye mukaikoka ndi chingwe mawilo ali pansi kuchoka ku Katondwe mpaka pa mlatho, zitsulo zam'kati zimapekesana zouma. Munthu anakuitanani chifukwa cha pampu ya mafuta, inu mukum'bwezera galimoto yofuna giyabokosi yatsopano. Malole nawo ali ndi zawo. Musanakoke lole mawilo akumbuyo ali pansi, masulani propshaft. Ngati ndi ya mabuleki a mpweya, dziwani kuti mpweya ukatha masipuling'i amamanga mawilo akumbuyo okha. Muyenera kuipatsa mpweya kuchokera ku galimoto yanu, kapena kumasula masipuling'iwo ndi bawuti yake, ndipo musanatero tsekerani mawilo ndi mitengo, chifukwa mukangomasula loleyo ilibenso buleki iliyonse.

Tsopano winchi ija. Nambala yolembedwa pa winchi ndi mphamvu yake pamene chingwe chatambasulidwa pafupifupi chonse, pangotsala mzere woyamba pa mgolo. Chingwe chikamaunjikana mphamvu imatsika. Choncho imani patali, tambasulani chingwe chambiri, koma musiye mapindi osachepera asanu pa mgolo. Galimoto imene ili pa tala imafuna mphamvu yochepa kuti iyende. Yomweyo ikamira m'dothi lamakande mpaka m'mimba, matope amaiyamwa, ndipo mphamvu yofunika imatha kuposa kulemera kwa galimotoyo. M'dzinja, m'timisewu topatuka pa D145 kupita m'midzi ya kwa Mphuka ndi kwa Mburuma, ntchito zambiri n'zotere. Anyamata amafuna kungokoka. Ine ndimawapatsa fosholo kaye. Kumbani kutsogolo kwa mawilo, kwezani ndi jeke pa thabwa, yalani nthambi, kenako winchi imalize. Theka la ola la fosholo limapulumutsa chingwe cha ndalama zambiri.

Gulani snatch block, kagudumu kaja kopindira chingwe. Chingwe chikapita ku galimoto yomira, n'kuzungulira pa kagudumuko n'kubwerera kwa inu, mphamvu imawirikiza pafupifupi kawiri ngakhale liwiro limatsika. Kamathandizanso kukoka mokhota pamene simungaime molunjika. Pomangirira, mtengo wa tsanya wokhwima ndi wodalirika, mangani pansi penipeni ndi lamba wansalu. Mumchenga wa m'mitsinje youma mopanda mtengo, kumbani dzenje lakuya, kwirirani tayala la sipeya litamangidwa tcheni. Zitsulo zolumikizira zikhale zolembedwa matani ake, za pa msika zosalembedwa kanthu zisiyeni. Ndipo musakolowetse chingwe pa kampira kachitsulo kokokera ngolo kumbuyo kwa galimoto: kakathyoka kamauluka ngati mwala wa pa legeni, ndipo kamalunjika pa galasi la amene akukoka. Pakati pa chingwe yanikani bulangeti lolemera kapena thumba la mchenga kuti chikaduka chigwe pansi. Vuto lalikulu ndi oonerera. Kumudzi galimoto yomira ndi chionetsero, ana amabwera onse. Ine sindigwira batani mpaka aliyense ataima kutali kuposa kutalika kwa chingwe, ndipo ndikaona mkulu wa pamudzi ndimam'pempha kuti, "Amdala, ndithandizeni kubweza anawa." Mawu ake amamveka kuposa anga.

Chigwa chino n'chotentha. Mu October kutentha kumafika madigiri 40 n'kupitirira, tala amaotcha, matayala akutha amaphulika. Yendani ndi masipeya awiri ndi zigubu za madzi, a injini ndi akumwa, chifukwa amene mukukam'tenga wakhala padzuwa maola ambiri, mwina ndi ana. Usiku pa D145 njovu zimadutsa popita kumtsinje. Mukaziona imani patali, musalize hutala, zidikireni. Kumangirira galimoto mumdima pamalo pamene pali ndowe zaziwisi za njovu n'kosafunika. Tengani anthuwo, galimoto muitenge kukacha.

Mapepala ndi otopetsa koma ndi amene amabweretsa makasitomala olipira bwino. Lembetsani dzina la bizinesi ku PACRA, tengani TPIN ku ZRA, lipirani ku khonsolo, ndipo galimoto ikhale ndi fitness ndi msonkho wa RTSA. Makampani a inshuwalansi, mabungwe ndi maofesi a boma salipira munthu wopanda invoice. Pa inshuwalansi funsitsani bwino: ija ya third party imene lamulo limakakamiza siiteteza galimoto ya mwini imene mwasenza kumbuyo. Ikagwa pa kona ya Manenekela, mlandu ndi wanu. Funsani ya katundu wa paulendo.

Pa ngozi, anthu poyamba. Chipatala cha mishoni cha Katondwe chili m'mbali mwa D145, cha St Luke's ku Mpanshya chili cha ku Rufunsa, ndipo manambala a apolisi ndi a ambulansi akhale m'foni mwanu. Galimoto ya pa ngozi musaisunthe apolisi asanayeze ndi kukulolani, ngakhale mwini wake akuchonderereni, chifukwa mukatero mwasokoneza umboni ndiponso mwam'tayitsa malipiro a inshuwalansi. Musanakweze galimoto iliyonse ijambuleni mbali zonse, ndi zam'kati zomwe, mwini wake akuona. Kung'aluka kwa galasi kumene kunalipo kale kumasanduka kwanu mukafika ku Lusaka. Komanso tili pa malire a maiko atatu. Munthu akakuimbirani usiku kuti munyamule galimoto yopanda makiyi, white book alibe, ndipo akufuna ipite cha kumtsinje, muuzeni kuti mukumane pa polisi. Ambiri otere saimbanso.

Magalimoto ena amafika pabwalo panu n'kukhalitsa. Mwini wake wapita kukafuna ndalama, mwezi watha, foni siikupezeka. Lembani pa pepala tsiku loyamba lomwelo kuti kusunga ndi ndalama zingati pa tsiku, asaine. Musachotsepo batire kapena tayala kuti mudzilipire, ndipo musaigulitse popanda kupita ku khoti, chifukwa amene ali ndi ngongole kwa inu adzasanduka wodandaula.

Kuyambira pa 1 December mpaka kumapeto kwa February boma limatseka usodzi, magalimoto a nsomba amachepa, ndipo ntchito zimene zimatsala ndi za m'matope, zolemetsa koma za ndalama zochepa. Ndalama ya matayala ndi ya inshuwalansi muzipatula m'miyezi ya chilimwe, pamene nsomba, masau ndi chimanga zikuyenda. Ndipo chikwangwani chisakunyengeni kuti chikubweretserani ntchito. M'mapiri muja foni imagwira mwa apo ndi apo, munthu wofedwa galimoto amatuma uthenga kudzera kwa amene akudutsa. Nambala yanu ikhale kwa madalaivala a mabasi ndi a minibasi, kwa amayi ogulitsa nsomba zouma ndi madengu pa mlatho, kwa omata matayala a ku Kacholola ndi ku Rufunsa. Amene wakupezerani ntchito mutumizireni ya talktime tsiku lomwelo, asanaiwale kuti anakuimbirani.