Galu Wosaka Osathamangitsa

Kwathu ku Chikwawa galu wabwino ndi amene amathamangitsa kalulu mpaka kumugwira. Gordon Setter, chigalu chakuda cha ku Scotland, sasaka choncho. Akamva fungo la nkhwali amangoima chilili osauwa, mphuno italoza pachitsamba, kufikira mbuye wake atabwera ndi mfuti. Kwa ana a pakhomo ngofatsa, koma mukam'manga tsiku lonse amalusa ndi kuwononga zinthu, pakuti amafuna kuthamanga. Chimene chingamuzunze kuno kuchigwa ndi ubweya wake wautali. Mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo chisoso ndi nkhupakupa zimakakamira m'makutu ake olendewera aja. Atakhala wanga, ndikanamam'tulutsa m'bandakucha mokha, nkumam'pesa madzulo alionse, osaiwalanso katemera wa chiwewe.