Pamene Nzeru Ilekezera

Mphunzitsi watsopano akafika m'midzi ya ku Mchinji, namva makolo alikunena kuti mwana wogwa khunyu walodzedwa, kaŵirikaŵiri amati mumtima mwace, "Anthu aŵa mitu yao sigwira." Tiyeni tiliyese bwino ganizo limeneli.

M. G. Marwick anakhala pakati pa Aceŵa a patsidya pa malire, m'dziko la Fort Jameson, tsopano Chipata, kuyambira mu 1946, ndipo buku lace linaturuka mu 1965. Iye anapeza kuti anthu sanali kuloza mfiti mwacisawawa. Wolozedwayo kaŵirikaŵiri anali mbale wa mbumba imodzimodziyo, amene panali kale mkangano ndi iye. Mu 1937 E. E. Evans-Pritchard analemba za Azande a ku Sudan, kuti nkhokwe ikagwera munthu, onse amadziŵa kuti ciswe ndico cadya mizati. Koma cimene afunsa ndi ici: yagweranji pa nthawi yomwe uyu anakhala pansi pace? Nzeru ya m'sukulu imatiuza m'mene tsoka lacitikira, koma cifukwa cace lagwera uyu, osati uyo, siinena. Malire ace ndi amenewo.

Tsono kukhulupirira cimene mudzi wonse ukhulupirira si misala ai. Wamisala anthu a pamudzi amamdziŵa: samagona, amamva mau amene ena sakuwamva, amaleka kudzisamala, ndipo salinso pamodzi ndi anzace m'maganizo. Imeneyo ndi nthenda. Kuyambira mu 1910 odwala otere anali kusungidwa m'cigawo ca ndende ya ku Zomba, kufikira cipatala cao cinatsegulidwa mu 1953. Khunyu nalo si misala. Ndi nthenda ya mu ubongo, siipatsirana, ndipo mankhwala ace alipo.

Komabe anthu a mitu yabwino, poganiza mwadongosolo, angathe kufika pa coipa, monga kupitikitsa nkhalamba yosalakwa. Lamulo la 1911 linaletsa kunenera munthu ufiti.

Cifukwa cace inu amene mudzaphunzitsa ana, musanyoze makolo, pakuti funso lao ndi la munthu wamoyo amene ali pa cisoni. Musabvomerenso kuti wina alozedwe cala. Mwana wodwalayo mumperekeze ku cipatala. Cimene mucidziŵa muciphunzitse molimba mtima, ndipo pamene nzeru yanu yalekezera, musacite manyazi kunena kuti, "Apa sindidziŵa."