Za Kuturutsa Mwana m'Bwalo la Mpira

Pa Malindi, dzuwa likapendeka, asodzi ali kukonza makoka ao, ana amasonkhana pamcenga kumenya mpira, ndipo wamkulu mmodzi amagwira wenzulo kuti awaweruze. Tsono mwana akachera mnzace ndale mwadala, kapena akatukwana, woweruzayo acitenji?

Tamvani ciyambi ca makadi. M'caka ca 1966, pa bwalo la Wembley ku London, anyamata a England anakomana ndi a Argentina. Woweruza wa ku Germany, Rudolf Kreitlein, anaturutsa Antonio Rattín; koma iye anakana kucoka nthawi yaitali, pakuti awiriwo sanamvane cinenero. Pamenepo Ken Aston, mkulu wa oweruza, poona nyali za pamseu, analingalira za khadi lacikasu locenjeza ndi lofiira loturutsa. Anayamba kuwagwiritsa nchito ku Mexico m'caka ca 1970.

Koma ife ndi ana athu timamvana, kaya m'Ciyao kaya m'Cinyanja. Cifukwa cace khadi lisalowe m'malo mwa mau. Kuyambira 1 June 2017 malamulo a mpira alola kuti m'masewera a ana wolakwa pang'ono akhale kunja mphindi zowerengeka, nabwerenso. Womenya mnzace aturuke ndithu, angakhale ali mwana wa mfumu. Koma woweruza amuuze colakwa cace mofatsa, osamcititsa manyazi pamaso pa anzace. Ndipo masewera atatha, awiriwo agwirane canza.

Inunso makolo, musakuwize woweruza mwana wanu akaturutsidwa, pakuti mwanayo ali kumva, ndipo mawa adzanyoza mphunzitsi, mkuja inu nomwe. M'mera mpoyamba.