Fulashi, dzuwa ndi diso la wojambula zithunzi

Pakati pa anthu amene amajambula zithunzi mongokonda, zokambirana zambiri zimathera pa mitengo ya makamera, kukula kwa sensa, ubwino wa lenzi ya Canon poyerekeza ndi ya Nikon kapena Sony, ndiponso pulogalamu yabwino yokonzera zithunzi pa kompyuta, koma nkhani ya chitetezo cha diso imabuka mwa apo ndi apo, ndipo ikabuka imakhala itapotozedwa kale. Mphekesera imene imabwererabwerera pa WhatsApp ndi pa Facebook ndi yakuti fulashi ya kamera imachititsa khungu makanda, moti m'mabanja ena wojambula amauzidwa kuti azimitse fulashi asanayandikire mwana amene wangotuluka m'chikuta, pamene kuwala kumene kumaonongadi diso, kwa dzuwa lodutsa mu lenzi yaitali, ojambula omwewo amakuyang'ana mopanda mantha.

Mphekeserayi inakula mu 2015 pamene manyuzipepala ena a ku China ndi ku Britain anafalitsa nkhani yakuti khanda la miyezi itatu lachita khungu chifukwa munthu wina analijambula pafupi kwambiri fulashi ili yoyatsa. Madokotala a maso amene anafunsidwa pambuyo pake anatsutsa kuti zoterezi zingachitike, ndipo nkhaniyo sinabwere ndi umboni wachipatala umene akatswiri ena akanaufufuza, komabe zaka zapitapo ikungoyendayenda m'mafoni ngati kuti yachitika dzulo, ndipo amene amaitumiza kwa anzawo sadzifunsa n'komwe kuti inachokera kuti.

Fulashi ya kamera ndi kachubu kagalasi kodzadza mpweya wotchedwa xenon, ndipo magetsi ochokera m'mabatire amayamba asonkhanitsidwa m'kachipangizo kosungira magetsi kotchedwa kapasita, kenaka n'kutulutsidwa onse nthawi imodzi, n'chifukwa chake kuwalako kumakhala kwakukulu koma kosakhalitsa, pakuti nthawi zambiri kumatha m'gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, ndipo wojambula akachepetsa mphamvu kumatha msanga kuposa pamenepo. Chimene chimavulaza retina, kachikopa kopyapyala ka kumbuyo kwa diso kamene kamalandira kuwala n'kutumiza uthenga ku ubongo, ndi kuchuluka kwa mphamvu yonse imene yagwera pamalo amodzi, ndiko kuti kukula kwa kuwalako pamodzi ndi kutalika kwa nthawi imene kwakhala pamalopo. Fulashi imaperewera pa zonse ziwiri: nthawi yake ndi yochepa, ndipo kuwala kwake kumamwazikana m'malo mosonkhana, kotero kuti wojambula akabwerera m'mbuyo kuchoka pa mita imodzi kufika pa mamita awiri, kuwala kofika pankhope ya mwana kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Kanyali ka foni ya m'manja n'kofooka kuposa pamenepo. Kachidontho kamene munthu amakaona kwa kamphindi atajambulidwa kamabwera chifukwa chakuti mankhwala achilengedwe a m'maselo olandira kuwala athera kwa kanthawi, ndipo amabwerera okha. Madokotala poyeza maso a makanda obadwa masiku asanakwane amathira mankhwala okulitsa kamwana ka diso, n'kuunika m'katimo ndi nyali yamphamvu kwa mphindi zingapo, ndipo ntchitoyi imachitika tsiku ndi tsiku m'zipatala za padziko lonse pofuna kupulumutsa maso omwewo. Anthu amene ayenera kusamalidwa ndi ochepa mwa odwala khunyu, pafupifupi atatu mwa 100 alionse, amene amagwa akaona kuwala kothwanima mobwerezabwereza, koma vuto lawo ndi la ubongo ndipo silikhudzana ndi khungu.

Chokhumudwitsa pa mphekeserayi n'chakuti imalanda makolo chida chimene chikanawathandiza kuzindikira matenda oopsa msanga. Diso lofiira m'chithunzi, limene ojambula amalitenga ngati chilema cha chithunzicho, limabwera pamene fulashi ili pafupi ndi lenzi ndipo munthu ali m'chipinda chamdima pang'ono: kuwala kumalowa pa kamwana ka diso kamene katseguka kwambiri, kumakagunda mitsempha yambiri ya magazi imene ili kuseri kwa retina, ndipo kumabwerera njira yomweyo kufikira mu lenzi kutatenga mtundu wa magaziwo. Kufiira kofanana m'maso onse awiri kumasonyeza kuti njira ya kuwala ndi yotseguka kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Ngati m'njiramo muli chotchinga, monga ng'ala yobadwa nayo kapena chotupa, kuwala kumabwerera koyera kapena kwachikasu, ndipo makolo ambiri amafotokoza kuti diso la mwana likuwala ngati la mphaka usiku. Chizindikiro chimenechi ndicho chofala kwambiri pa khansa ya m'diso yotchedwa retinoblastoma, imene imagwira makamaka ana osakwana zaka zisanu. M'maiko olemera ana oposa 95 mwa 100 alionse amene apezeka nayo amapulumuka, pamene m'maiko ambiri a mu Africa ambiri amamwalira, ndipo chifukwa chachikulu n'chakuti amafika kuchipatala mochedwa, diso litatupa kale n'kutuluka kunja, khansa itafalikira.

Bryan Shaw, katswiri wa sayansi ya mankhwala pa yunivesite ya Baylor ku Texas, amene mwana wake anapezeka ndi khansayi, anaunika zithunzi zikwizikwi za banja lake n'kupeza kuti kuyera kwa diso kunayamba kuoneka m'masabata awiri oyambirira mwanayo atabadwa, miyezi ingapo matendawo asanadziwike, ndipo pambuyo pake iye ndi anzake anapanga pulogalamu ya foni yotchedwa CRADLE imene imafufuza chizindikirochi m'zithunzi. Apa ndi pamene luso la wojambula limasanduka chopinga. Makamera ambiri amayamba athwanima pang'ono asanajambule kuti kamwana ka diso kachepe, ena amafafaniza okha kufiirako, wojambula wodziwa amalozetsa fulashi kudenga kuti kuwala kusalowe m'maso molunjika, ndipo Photoshop ndi Lightroom ali ndi chida chimene chimadetsa kamwana ka diso pongodina kamodzi. Wokonza zithunzi za ubatizo kapena za tsiku lobadwa amene waona diso limodzi la mwana likuyera m'zithunzi zingapo, n'kulipaka lakuda kuti chithunzi chikongole osauza makolo, wafafaniza uthenga umene mwina palibe wina amene adzaupereke pa nthawi yake. N'zoona kuti diso labwinobwino likhoza kuoneka loyera m'chithunzi chimodzi ngati mwana anayang'ana cham'mbali, kuwala n'kugunda pamene mtsempha wa diso umalowera, koma wosiyanitsa zimenezi ndi dokotala wa maso, ndipo madokotala oterewa amapezeka ku Lions Sight First Eye Hospital pa Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Nkhoma.

Dzuwa ndi nkhani ina, ndipo apa masamu amene ojambula amawagwiritsa ntchito tsiku lililonse ndi okwanira kuonetsa kukula kwa ngoziyo. Nambala ya f, imene imalembedwa pa lenzi iliyonse, imapezeka pogawa kutalika kwa lenzi ndi kukula kwa chibowo cholowera kuwala, kotero kuti lenzi ya mamilimita 400 yotsegulidwa pa f/5.6, imene okonda kujambula mbalame ndi nyama amaigula kawirikawiri, ili ndi chibowo cha mamilimita pafupifupi 71. Kamwana ka diso masana kamakhala ka mamilimita atatu kapena kucheperapo, ndipo popeza kuchuluka kwa kuwala kumatsatira kukula kwa malo onse a chibowo, lenzi imeneyi imasonkhanitsa kuwala kochuluka kuwirikiza nthawi zoposa 500 kuyerekeza ndi diso lopanda chida. Kuwala konseko kumapanikizidwa m'kabwalo ka mamilimita osakwana anayi m'kati mwa kamera, mwa njira yomweyo imene galasi lokulitsa zinthu limayatsira pepala. Mu kamera ya mtundu wa DSLR, imene ili ndi kalirole wokweza kuwala kupita ku kazenera koyang'anira, chimene chili kumapeto kwa njirayo ndi diso la wojambula.

Retina imavulala m'njira ziwiri. Munthu akayang'ana dzuwa ndi maso okha, chithunzi cha dzuwalo chimagwera pakati penipeni pa retina, pamalo amene amagwira ntchito powerenga ndi pozindikira nkhope, ndipo chimakhala chaching'ono kwambiri, chosakwana gawo limodzi mwa magawo asanu a milimita, moti kutentha kwake kumathawira m'mbali n'kutengedwa ndi magazi. Choononga chachikulu pamenepo ndi kuwala kwamtundu wa buluu kumene kumayambitsa kusintha kwa mankhwala m'maselo, n'kutulutsa tizidutswa taukali ta okosijeni timene timaononga maselowo. Lenzi yaitali ikalowererapo, chithunzi cha dzuwa pa retina chimakula kambirimbiri, kutentha kwa pakati pake kumasowa kothawira, ndipo maselo amapsa m'kanthawi kochepa kwambiri. Retina ilibe mitsempha yomvera ululu, choncho palibe chimene chimachenjeza munthu pa nthawiyo, ndipo zizindikiro zimabwera patapita maola angapo kapena tsiku lotsatira: kachidontho kakuda kapena kachimbuuzi pakati pa chilichonse chimene akuyang'ana, mizere yowongoka kuoneka yokhota, zilembo kusowa pakati pa mawu. Palibe mankhwala otsimikizika ochiza vutoli. Ambiri amayamba kuona bwino pakatha masabata kapena miyezi, koma ena amatsala ndi kachidonthoko moyo wawo wonse, pakuti maselo olandira kuwala akafa samera ena, pamene sensa ya kamera ikapsa imachotsedwa n'kuikamo ina.

Nthawi ya kadamsana ndi pamene zipatala za maso zimalandira anthu oterewa, ndipo chifukwa chake si chakuti dzuwa limatulutsa mphamvu yachilendo tsikulo, monga ena amanenera, koma chakuti mwezi ukaphimba mbali yaikulu kuthobwa m'maso kumachepa, munthu n'kutha kuyang'anitsitsa, pamene kachigawo kotsalako kali ndi ukali wake wonse. Amene anaona kadamsana wa pa 21 June 2001, amene anadetsa mzinda wa Lusaka masana, kapena wa pa 4 December 2002 amene anadutsa kum'mwera kwa Zimbabwe, akukumbukira njira zimene anthu ankalangizana: galasi lodetsedwa ndi mwaye wa koloboyi, filimu yakale ya kamera, magalasi a dzuwa awiri osanjikizana, beseni la madzi. Palibe ndi imodzi yomwe mwa njirazi imene ili yodalirika, chifukwa kudetsa kuwala kooneka sikutanthauza kutchinga kuwala kosaoneka kumene kumanyamula kutentha, ndipo chida chimene chimachotsa kuthobwa kokha chimangotalikitsa nthawi yoyang'ana. Ngakhale kuyang'ana dzuwa kudzera m'chinthu chobweza kuwala si chitetezo: wasayansi Isaac Newton anafotokoza m'kalata imene analembera mnzake John Locke mu 1691 kuti atayang'ana dzuwa pakalirole, chithunzi chake chinamukakamira m'maso kufikira anadzitsekera m'chipinda chamdima masiku atatu.

Makamera opanda kalirole, amene tsopano adzadza msika, amateteza diso chifukwa m'kazenera kawo muli kasikirini kakang'ono kosonyeza zimene sensa ikuona, koma ngoziyo imasamukira pa sensayo, imene imakhala pambalambanda nthawi yonse imene kamera ili yoyatsa. Kadamsana wa pa 21 August 2017 atadutsa ku United States, kampani yobwereketsa zida zojambulira ya Lensrentals inaonetsa zithunzi za zida zimene zinabwezedwa zitaonongeka, ndipo mwa izo munali timasamba totsegula ndi kutseka chibowo cha lenzi titasungunuka, zotsekera kuwala zitabooka ndi masensa atapsa. Zida zimenezi ndi zachitsulo, pulasitiki ndi galasi, ndipo zinalephera kupirira kuwala kumene wojambula wa DSLR amakulowetsa m'diso lake akamafunafuna dzuwa pakazenera.

Chitetezo chenicheni ndi fyuluta yopangidwira dzuwa, imene imalola gawo limodzi lokha mwa magawo pafupifupi 100,000 a kuwala, ndipo imamangidwa kutsogolo kwa lenzi, kuwala kusanasonkhanitsidwe. Mafyuluta wamba ochepetsa kuwala, amene ojambula amawagwiritsa ntchito pojambula mathithi, sanapangidwire kuteteza diso. Magalasi oonera kadamsana amene amakwaniritsa muyezo wa ISO 12312-2 ndi a maso okha, ndipo amene wawavala n'kusuzumira m'kamera kapena m'mabainokula opanda fyuluta amawaika pamalo pomwe kuwala kwasonkhana kale, pamene akhoza kubooka nthawi yomweyo. Kadamsana wathunthu adzadutsa ku Luxor m'dziko la Egypt pa 2 August 2027, ndipo wina adzadutsa ku Namibia, Botswana, South Africa ndi Lesotho pa 25 November 2030, pamene maiko oyandikana nawo adzaona mbali chabe, koma ojambula sadikira masiku amenewo kuti alozetse lenzi kudzuwa, pakuti amatero m'mawa uliwonse ku Senga Bay ndi madzulo alionse ku Cape Maclear. Dzuwa likakhala pamzere penipeni pa madzi kuwala kwake kumadutsa mu mpweya wochuluka ndi fumbi ndipo kumafika kutafooka, koma likangokwera pang'ono mphamvu yake imawonjezeka mofulumira, ndipo palibe muyezo umene wojambula ali m'mbali mwa nyanja angadziwire mphindi imene lasiya kukhala lofatsa, makamaka iye ali kalikiliki kudikira kuti bwato la asodzi lilowe pakati pa chithunzi.